Tsiku limene ndinanyamula apongozi panjinga

Galimoto yanga ndinaigulitsa ndekha, popanda wondikakamiza, ndipo ndinaigulitsa ndikuseka. Kanali kagalimoto kakale kamene ndinabwera nako kuchokera ku Chipata atandisamutsa kudzaphunzitsa ku Lundazi. Kankamwa mafuta ngati chidakwa, ndipo mwezi sunkatha kasanagone kwa makaniko. Nditagula njinga yakuda ya kaliyala yolimba, ndinasanduka mlaliki. M'chipinda cha aphunzitsi anzanga ndinkawatopetsa: kusukulu ndi njinga, ku msika wa Lundazi ndi njinga, kutchalitchi ndi njinga, nanga galimoto n'chiyani ngati si matama a anthu aulesi? Ndisaname, kwa miyezi isanu ndi itatu zinandiyendera. Mimba inaphwa, maondo anasiya kulira, ndipo pa boma panalibe malo amene sindikanafika tiyi asanazizire.

Mu Ogasiti kutchalitchi analengeza kuti kukubwera madokotala a maso ochokera ku Lusaka. Mayina adzalemba Lachinayi kuyambira m'mawa mpaka 12 koloko masana, ndipo olembedwa okhawo ndiwo adzachitidwe opaleshoni. Apongozi anga, aNyaLungu, anali atatha zaka ziwiri ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Ankangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Mwana wathu Temwa anabadwa iwo atasiya kale kuona, ndiye nkhope yake ankaidziwa poipapasa ndi zala. Amakhala mkatikati mwa dera la Kapichila, kumene ine ndi njinga yopanda katundu ndinkafika m'maola awiri.

Mkazi wanga NyaZimba anandichenjeza Lolemba lomwe.

"Atate a Temwa, tengani takisi Lachitatu mukabatenge amama, agone kuno."

"Takisi ya chani? Njinga ilipo."

"Njinga yanu amama sangakwele. Mwaiwala kuti ndimwe mkweni?"

Mkweni ndiye mkamwini pa Chitumbuka, ndipo sindinaiwale. Kwathu nakonso mkamwini sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi aakazi, sawapatsa moni wa padzanja, sawayang'ana m'maso. Koma ine ndinali nditakonza kale nzeru. Mlamu wanga Yotamu, amene amakhala pakhomo pomwepo, adzanyamula mayi ake pa njinga yanga yatsopano, ine n'kumatsatira pa chiphakasa cha njinga yake. Ndinafotokoza zimenezi pang'onopang'ono ngati ndili pa bolodi. NyaZimba anangoti, "Chabwino, ndimwe aticha," n'kupitiriza kusankha nyemba. Akuluakulu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ankanena za anthu onga ine.

Lachinayi ndinanyamuka 5 koloko, kunja kukungoyera, mphepo ikuluma zala. Pa phula njinga inkathamanga yokha. Maminibasi a ku Chipata anali akuitanira anthu, ndipo kondakitala wina amene amandidziwa anati, "Aticha, siyani chisulo icho, muzakalamba msanga." Ndinamuimbira belu momunyogodola n'kudutsa.

Phula litatha ndinakumana ndi chinthu choyamba chimene sindinachiwerengere, ndicho moni. Munthu wa galimoto amangoliza hutala, n'kukweza dzanja, anthu n'kumati ndi waulemu. Wa njinga alibe pobisala. Ukaona wachibale wa mkazi wako uyenera kutsika, kutsamiritsa njinga, kuvula chipewa ndi kunjuta. Woyamba anali malume a mkazi wanga, a Lungu, amene anali m'mbali mwa msewu akumanga matumba a chimanga pangolo.

"Monire, a mkweni. Mwawuka uli?"

"Tawuka makora, adada, kwali imwe."

Anafunsa za Temwa, za NyaZimba, za chifuwa chimene chinali pa boma, za feteleza ngati wafika. Kenako anayang'ana njinga, nayang'ana msewu kumbuyo kwanga ngati pali china chikubwera.

"Nanga motoka ili kuti?"

"Ninagulitsa, adada. Njinga ndiye yabwino, sifuna mafuta."

Anawomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Phepani chomene." Anandipepesa ngati munthu amene wachotsedwa ntchito.

Moni wotero ndinaupereka kanayi ndisanafike padambo. Padambopo ndiye mchenga. M'chilimwe mchenga wa pamenepo umameza tayala mpaka masipoko, ndipo palibe mwendo ungapalase. Ndinatsika n'kuyamba kukankha. Lole yogula chimanga inandipeza pakati, osachepetsa n'komwe liwiro, ndipo fumbi linandilowa m'kamwa, m'makutu, mpaka m'malaya amene ndinasita dzulo lake. Ndinalavula matope enieni. Ndinatukwana dalaivala, ndinatukwana mchenga, koma mwini mlandu ndinali ndisanamupezebe.

Nditakwera mtunda wa tsidya lina ndinaona nthambi zamasamba zitagonekedwa pamsewu. Nthambi pamsewu ndi maliro, ndipo wa njinga sadutsa pamaliro atakwera. Uyenera kutsika pa nthambi zoyamba n'kukankha mpaka zomaliza. Mudziwo unali woyandikana ndi wa apongozi, womwalirayo mkulu wina wa kwa Mtonga, ndiye kungodutsa sikukanatheka. Ndinakakhala pansi ndi azibambo pamtengo, mutu utawerama. Ndili pomwepo kunabwera galimoto yoyera ya magalasi akuda. Inachepetsa liwiro, inatsitsa wailesi, inadutsa pa nthambi zonse n'kumapita. Palibe ndi mmodzi yemwe anaiona kulakwa.

Ndinanong'oneza mkulu amene ndinayandikana naye kuti ndikufuna Yotamu.

"Yotamu ali kumanda, akumba," anatero m'Chinyanja kuti ndimve bwino.

"Ningamuitaneko chabe? Afunika kupeleka amama ku boma, ku maso."

"Iyayi, aticha. Wokumba sachoka manda yasanathe. Ndiponso amene wagwila dothi la kumanda sagwila wodwala asanasambe. Tizaika fotini awazi, 2 koloko masana."

Ndinafunsa za njinga yamoto ya m'mudzimo. Inali itapita ku boma kukagula nsalu ndi misomali ya bokosi. Ndinafunsa za ngolo. Ina inapita kunkhuni za pamaliro, ina kukatenga achibale. Mwamuna aliyense wodziwa kupalasa anali kumanda kapena pamtengo paja, ndipo wochoka pamaliro a mnansi m'mawa amamunena chaka chathunthu.

Kwa apongozi ndinafika nthawi ikuyandikira 9 koloko. Anali pakhonde pamphasa, atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi, chitenje chatsopano ndi duku, kachikwama kali pamiyendo. Pakhomo panali munthu mmodzi yekha, mnansi wawo aNyaTembo, mayi wachikulire wotupa miyendo amene sakanatha kuyenda kupita kumaliro. Iwowo anandiuza kuti apongozi anasamba tambala woyamba ndipo akana phala, poopa kuti madokotala angawabweze chifukwa chodya.

Ndinanjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumbali. Ndinapereka moni, iwo anayankha. Kenako anatembenukira kumene kunali aNyaTembo, chifukwa mpongozi salankhula zambiri ndi mkamwini mwachindunji.

"Bafunseni a mkweni ngati babwela na Yotamu."

Ndinayankha kwa aNyaTembo kuti Yotamu ali kumanda, koma asade nkhawa, ndiitanitsa takisi. Mawu akuti takisi anandiwawa potuluka m'kamwa. Netiweki ya pamudzipo imapezeka pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinakwera pamenepo, mphunzitsi wa sekondale, foni m'mwamba. Dalaivala wina wotchedwa Mabvuto anatchula mtengo woposa umene NyaZimba anandiuza Lolemba, poti ndi zadzidzidzi. Ndinavomera osatsutsa.

"Nabwela manje manje, aticha."

Ndinadikira. Nkhuku zinabwera kudzajompha masipoko n'kumapita. Patatha theka la ola ndinakweranso chulu.

"Nili pa filing'i steshoni, nithila mafuta."

Ndinatsika, ndinakhala pa mtondo wogubuduzika, ndinaimirira, ndinapopa matayala amene anali olimba kale. Apongozi sanasunthe. Nthawi zina ankapendeketsa mutu kumvetsera ngati kukumveka injini. Itakwana 10 koloko ndinakweranso.

"Nili pafupi maningi, aticha, namuonani so."

Kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva bwinobwino mayi akuitanira tomato. Munthuyo anali pa msika wa Lundazi, mwina ngakhale makiyi anali asanawagwire. Ndinanyansidwa moti foni ndikanaiponya m'khola, koma ndinakumbukira kuti wabodza woyamba pa nkhaniyi ndine, amene ndinauza mkazi wanga kuti zonse ndakonza.

"Bafunseni a mkweni, nthawi ili bwanji?"

Ndinauza aNyaTembo kuti yapitirira 10. Kenako apongozi anapapasa khoma, naimirira, nakonza duku.

"NyaTembo, nifuna nikamuone Temwa na maso yanga. Nikwezeni pa njinga."

ANyaTembo anagwira pakamwa. Ine ndinayang'ana pansi. Mayi ameneyu kwa zaka zisanu ndi chimodzi sanandipatsepo ngakhale kapu ya madzi ndi dzanja lake, ankaiika pansi ine n'kudzatola. Lero ankapempha kukhala kumbuyo kwanga. ANyaTembo ndiwo anapeza njira. Anamanga pilo pa kaliyala, anatenga chitenje chakale n'kuchizunguliza m'chiuno mwanga, namanga mfundo kumbuyo, nsonga ziwiri n'kuwapatsa apongozi m'manja. Anawakhazika cham'mbali. Pakati pathu panatsala mpata woti dzungu n'kukhalapo, ndipo tonse tinachita ngati mwambo sunaphwanyike.

Ndinkayembekeza kuti tikumana ndi takisi m'njira. Tisanapite patali tinafika pa nthambi zija, n'kutsika tonse. Iwo anagwira kaliyala, ine ndikukankha, tikuyenda pang'onopang'ono. Azimayi atawaona anatuluka kudzawatenga, chifukwa munthu wa m'mudzi sadutsa pa siwa osalowa. Ndinamva mawu awo akulira m'nyumba pamodzi ndi anzawo. Ine ndinaima panja ndi njinga, ndikusuzumira wotchi mobisa m'thumba, poti kuyang'ana nthawi pamaliro n'kutukwana. Anatuluka patatha mphindi khumi ndi zisanu.

Pamchenga sindinawatsitse. Anakhala pa kaliyala ine ndikukoka njinga ndi zogwirira, nsapato zikumira, thukuta likuyenderera m'maso. Iwo sanali olemera, mayi wowonda ngati uja, koma mchenga sudziwa zimenezo. Titatuluka ndinamanganso chitenje ndekha, mofulumira. Mfundo yake sinali ya aNyaTembo.

Kutsogoloko kuli chitsikira chachitali, ndipo malole anausiya msewu uli mizeremizere ngati malata. Ndinasiya mabuleki kuti ndipezeko nthawi. Njinga inayamba kugwedezeka, mano akugundana, belu likulira lokha. Pakatikati ndinamva chitenje chikusomphoka m'chiuno, ndipo njinga inapendekera kumanzere. Apongozi anangoti, "Amama ine," n'kundikumbatira ndi manja onse awiri m'mimba, tsaya lawo litagunda pamsana panga pamalaya onyowa ndi thukuta.

Ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana. Ndikanaima, ndiye kuti ndavomereza kuti zachitika, ndiponso nthawi inalibe chisoni. Iwo sanasiye, chifukwa msewu unkagwedezabe ndipo chitenje chinatsala kumbuyo pafumbi, nsonga imodzi yokha ili m'dzanja lawo ikukwekwereka. Ndinangoweramira pa zogwirira n'kupalasa.

Kumunsi kwa chitsikiracho kuli depoti yogulitsirako chimanga. M'mawa ndinadutsapo pali zii. Tsopano panali podzaza alimi a midzi yonse yozungulira, atakhala pa matumba awo m'mithunzi kudikira sikelo. Ndinaona azimayi a kumpingo kwa apongozi, anayi kapena asanu. Ndinaona a Lungu, mlongo wawo weniweni, ataimirira pangolo yawo. Nkhani zonse zinadukira pakamwa. Mayi wina anaphimba nkhope ndi chitenje. A Lungu anatembenuka n'kuyang'anitsitsa mtengo ngati akuuwerenga masamba. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sindinatsikire munthu aliyense. Tinadutsa pakati pa anthu onsewo popanda wotsokomola, kukumveka madigadi okha akulira.

Munga unatipeza patsogolo pang'ono, phula likadali kutali. Tayala lakumbuyo linaphwa nthawi imodzi. Apongozi anachotsa manja, anatsika, anaima chotembenukira kutchire. Mwamwayi, kapena mwatsoka, pamphambano yapafupi panali wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anali bambo wodekha kuposa aliyense amene ndinakumanapo naye. Anatulutsa chubu, anachimiza m'beseni la madzi akuda, anapeza bowo, kenako anayamba kufunafuna lumo. Zigamba zogula analibe, ankadula chubu chakale. Guluu anali atauma pakamwa pa botolo, ndiye anatokosa ndi sipoko.

"Fulumilani, mdala, tili na odwala."

"Guluu safulumizidwa, bwana. Mukafulumiza izamatuka pa kona apo, muzabwela kunitukwana."

Anapaka, naika padzuwa, nayamba kuuzira ndi pakamwa, uku akundiuza kuti matayala a masiku ano ndi feki. Ndinayang'ana wotchi poyera tsopano, manyazi anali atatha. Thwelofu inakwana ine nditanjuta pansi pa mango, ndikuyang'ana guluu akuuma. Pamene ankabwezera tayala foni inalira.

"Aticha, nafika pamudzi. Muli kuti? Nabwelela njila ya kumunsi, ija ya mchenga niopa."

Ndinamudulira foni Mabvuto. Mkazi wa wokonza njingayo anatimangira chitenje chija mwamphamvu, osafunsa kanthu, ndipo tinanyamukanso, mpata wa dzungu utabwerera pamalo pake.

Pa boma tinafika 1 koloko itapitirira. NyaZimba anali pageti la chipatala, Temwa ali kumbuyo. Anayang'ana mayi ake pa kaliyala, anayang'ana chitenje m'chiuno mwanga, anayang'ana kumbuyo ngati Yotamu akubwera. Anangowatsitsa n'kuwagwira mkono. M'kati, pa mabenchi, munali nkhalamba zambiri, aliyense ali ndi kapepala ka nambala m'manja. Ena anabwera pa ngolo dzulo lake n'kugona kwa achibale. Namwino amene anali pa tebulo anatilandira mwaulemu.

"Buku tatseka thwelofu awazi, atate. Amene talemba achuluka kale kupitilila masiku yamene madokotala azakhala kuno."

"Azabwelanso liti?"

"Mwina chaka chamawa. Ise sitidziwa."

Ndinachonderera. Ndinanena za maliro, za munga, za takisi. Ndinafika mpaka ponena kuti ndine mphunzitsi, ngati kuti ng'ala za apongozi a mphunzitsi n'zofunika kuposa za anthu amene anamvera nthawi. Ndikakumbukira mawu amenewo mpaka lero ndimachita manyazi. Namwinoyo anangopepesa. NyaZimba anakhazika mayi ake pamthunzi pafupi ndi mpanda, n'kulowa m'kati kuti akayesenso kwa wamkulu wake.

Ndinakhala patali, pa mwala, njinga nditaigoneka pansi. Ndinaiyang'ana, yofiira ndi fumbi, ndipo ndinadziwa kuti inalibe mlandu. Mpaka pano ndimapita nayo kusukulu ndi kumsika, ndipo pa maulendo amenewo galimoto sindiisowa. Koma ulaliki wanga wonse ndinauyeza pa miyendo yanga, pa phula la pa boma, pa mwamuna wathanzi amene wanyamula mabuku ndi kabichi. Sindinawerengere kuti pa maulendo a masiku onse a banja pamakhalanso wodwala, wakhungu, mpongozi. Pampando wakumbuyo wa kagalimoto kaja mayiwa akanakhala mwaulemu wawo wonse, ine kutsogolo, osakhudzana. Ngakhale takisi ya Lachitatu ikanakwanira. Chimene chinawachedwetsa ndi pakamwa panga.

Apongozi anali akupinda chitenje chija pamiyendo, pang'onopang'ono, akusalaza ndi chikhatho. Panalibe aNyaTembo, panalibe NyaZimba woti n'kudzeramo mawu. Anakweza mutu, nalozetsa nkhope kumene ankaganiza kuti ndili, ngakhale anaphonya pang'ono.

"A mkweni."

"Amama."

"Munjila muja, pamene chitenje chinamasuka." Anaima kaye. "Kuli amene anationa?"

Za maso sanafunse. Sanafunse kuti bwanji sindinabwere Lachitatu. Ndinaona m'maganizo matumba a chimanga aja, azimayi a kumpingo, ndi msana wa a Lungu.

"Kulibe, amama. Mseu unali zii."

Anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika. "Yewo," anathokoza motero, nakonza duku, nakhala tsonga kudikira mwana wawo.

Bodza limenelo linatheka chifukwa cha maso omwewo amene ndinalephera kuwafikitsa pa nthawi yake.